Pulogalamu Yosowa Iye Akatuluka

Pakachipatala kaja panali makompyuta khumi ndi awiri, ndipo onsewo anali ndi khalidwe limodzi lonyansa. Mtsikana wa makompyuta akakhala pomwepo ankamvera ngati ana a sukulu pamaso pa ahedi, koma akangotembenuka ankayamba zawo. Zinachitika sabata yathunthu, ndipo mtsikanayo mutu unamuima mpaka anayamba kukayikira ngati kusukulu anapitadi.

Ife tizimutchula Wamakompyuta, poti ndi dzina limene ankalilakalaka. Pachipatalapo panalibe amene ankamuitana choncho. Kwa onse anali mwana wa Mlembi, chifukwa amayi ake anagwira ntchito ya ulembi pomwepo zaka makumi awiri ndi ziwiri, mpaka pamene matenda a shuga anawatenga zaka ziwiri zapitazo. Dzinalo linkamuwawa. Sikuti ankachita manyazi ndi amayi ake, ayi. Ankawasowa tsiku lililonse, makamaka akamva munthu akutaipa mofulumira. Amayiwo ankamutchula Kasingano, poti ali mwana anali wowonda ndipo ankalowa paliponse, ngakhale m'kati mwa wailesi ya bambo ake. Koma kuitanidwa mwana wa Mlembi pa ntchito kunkamveka ngati akumukumbutsa kuti anamulemba chifukwa cha chisoni, osati chifukwa cha pepala lomwe analivutikira zaka zinayi.

Zodabwitsa zinayamba tsiku loyamba lenilenilo. Mdala wa ku labu, munthu amene anayamba ntchito pachipatalapo amayi a mtsikanayo atamwalira kale, anamuyang'ana pakamwa n'kunena kuti, “Eee, dzino lija linamera!” A Metroni, mayi wamkulu wa anamwino, anamuponda phazi mdalayo, anthu n'kuyamba kutsokomola. Wamakompyuta anangomwetulira osatolapo kanthu, n'kuganiza kuti ndi mmene amakhalira anthu okhalitsa ndi mankhwala onunkha.

Tsono sabata yomwe tikunenayi inali yomaliza pa miyezi yake itatu yoyeserera. Bwana woyang'anira chipatala, amene nayenso anali mlendo ndipo ankayenda ndi laputopu yakeyake, anamuitana Lolemba m'mawa.

“Lachisanu masana a kampani azimitsa pulogalamu yakale yolembera odwala,” anatero bwanayo. “Tsiku lomwelo miyezi yanu ikutha. Ine za makompyuta sindizidziwa, ndimadziwa kalendala. Pulogalamu yatsopano ikakhala isanalowe paliponse, kalata yokukhazikitsani pa ntchito sindisaina. Musadzati ndine woipa mtima.”

“Ilowa lero lomwe, bwana.”

Ndipo sankadzitama chabe. Anali atakonza zonse. Pulogalamu yatsopanoyo anaiika mu foda yogawana, pa seva, makina olumikiza makompyuta onse, yomwe inkakhala m'kachipinda komwe kale ankasungiramo zokolopera. Kenako analemba kafayilo ka malamulo, komwe anthu a ntchitoyi amati sikiripiti, ka mizere isanu ndi iwiri yokha. Ntchito yake inali iyi: munthu akalemba dzina lake ndi pasiwedi kuti alowe mu kompyuta, sikiripitiyo idzuke, ipite ku foda yogawana, itenge pulogalamu, iikhazike mu akaunti ya munthuyo, kenako ilembe mzere umodzi mu kaundula wonena kuti wakuti walandira, pa kompyuta yakuti, nthawi yakuti. Pulogalamuyo inkayenera kukhala mu akaunti ya munthu aliyense payekha, chifukwa inkasindikiza dzina pa chilichonse: amene wapereka mankhwala, amene wayeza magazi, amene walembetsa wodwala.

Maakauntiwo anawakonzanso yekha mwezi woyamba. Aliyense anamupatsa kapepala ka dzina lake ndi pasiwedi yatsopano, ndipo onse analandira ndi manja awiri. Anakonzanso kuti kompyuta isamaonetse dzina la amene analowa komaliza, monga anamuphunzitsira kusukulu. Miyezi itatu yonse palibe ngakhale mmodzi amene anabwera kudzati waiwala pasiwedi, ndipo iye ankanyadira zimenezi, ankati akugwira ntchito ndi anthu a mitu yabwino.

Anayesa pa kompyuta yake. Kabokosi kakuda kanatulukira pa sikirini, kanaphethira kawiri, ndipo chizindikiro chobiriwira cha pulogalamu yatsopano chinakhala pakona, phee. Anali akudziyamikirabe pamene foni inalira. Anali bambo wa mankhwala, wa ku famase.

“Mwana wa Mlembi, kuno kulibe kanthu.”

“Mwalowa kale?”

“Kalekale. Chobiriwira munanenacho sindikuchiona.”

Ananyamuka. Wamakompyuta ankayenda ndi mulu wa makiyi m'chiuno, a chipinda cha seva, a makabati, a kunyumba, kuphatikizapo kasikuludalaiva kakang'ono, moti ankamveka asanaoneke. Ndipo anthu a pachipatalapo anali aulemu mopitirira muyeso. Akangomva makiyiwo m'kolido ankatuluka mu kompyuta msangamsanga, n'kuimirira, n'kupukuta mpando ndi dzanja.

“Khalani, asisi, takusiyirani poyera,” anatero bambo wa mankhwala, ataima chapatali manja ali kumbuyo.

Anakhala, nalowa ndi dzina lake. Kabokosi kakuda, kuphethira kawiri, chobiriwira phee. Pamenepo sanadabwe kwenikweni, poti iye anali ndi chilolezo cholowa paliponse. Anaganiza kuti mwina foda yogawana ikukaniza anthu wamba. Anabwerera ku seva, natsegula zilolezo, n'kupeza kuti gulu la antchito lili pomwepo, ndi ufulu wonse wowerenga. Anawerenga mayina a m'gululo mmodzimmodzi, anali khumi ndi awiri, osasowa ndi mmodzi yemwe. Anapanga akaunti yoyesera, yopanda mphamvu iliyonse, naiika m'gulu lomwelo, nalowa nayo. Chobiriwira phee. Koma foni inapitiriza kulira: kolandirira odwala kulibe, ku labu kulibe, kwa anamwino kulibe. Pofika madzulo mu kaundula munali mizere itatu yokha, ndipo yonse inali ya manja ake.

Lachiwiri anabwera ndi nzeru ina. Anapita ku famase nati, “Bambo, lowani inuyo, ine ndikuona.”

Bambo wa mankhwala anayang'ana zala zake ngati zabwerekedwa. “Manjawa ali ndi ufa wa mapiritsi, asisi, ndingaononge kiyibodi. Tengani kapepala kaja mundilembere.” Anatsegula dirowa, nafukula pansi pa mabandeji, natulutsa kapepala kosapindika, koyera ngati kaperekedwa dzulo.

Wamakompyuta analemba dzina la bamboyo ndi pasiwedi yake. Kabokosi kakuda kanabwera, chobiriwira chinakhala.

“Si ichi?”

“Aa, chabwera! Manja anu ndi abwino.”

Anatuluka mtima uli m'malo, ngakhale sankadziwa chimene wakonza. Sanafike n'komwe ku chipinda cha seva foni ya m'thumba inalira.

“Mwana wa Mlembi, chapita.”

“Chapita kuti?”

“Kaya. Pomwe chinali pali mbee.”

Anabwerera chothamanga, makiyi akulira. Anapeza bamboyo ataimirira kale, mpando wopukuta, kompyuta ikudikira dzina. Analowanso ndi kapepala kaja. Chobiriwira chinali pomwe anachisiya.

“Nanga ichi n'chiyani?”

Bambo wa mankhwala anawerama, navala magalasi, nagwira pakamwa. Kudabwa kwake kunali kwenikweni, sikunali kochita kupanga. “Ndikulumbira, asisi, panalibe. Chinthuchi chikukuopani inuyo.”

Zomwezo zinachitika ku labu, zomwezo kolandirira odwala. Aliyense anali ndi chifukwa chosagwirira kiyibodi, wina magolovesi, wina wodwala akumudikira, wina maso. Aliyense anali ndi kapepala kake koyera bwino. Ndipo paliponse pulogalamu inkabwera iye akakhala, n'kusowa akatuluka. Namwino wina anafika pomupempha kuti angobweretsa mpando wake azikhala nawo m'chipindamo.

Lachitatu linali tsiku lokayikira chilichonse. Anakayikira netiweki, kuti mwina m'mawa anthu akalowa onse pamodzi sikiripiti imadzuka njira ya ku foda isanatseguke, ndiye anawonjezera mzere woti idikire masekondi makumi atatu. Sizinathandize, anangopangitsa kabokosi kakuda kukhala nthawi yaitali kakumuyang'ana. Anakayikira pulogalamu yoteteza ku mavairasi, kuti mwina ikuona chobiriwiracho ngati mbava n'kumachichotsa, ndiye anaizimitsa pa kompyuta ya ku labu. Palibe chinasintha. Anakwawa pansi pa matebulo kusintha zingwe mpaka buluku lake linayera m'mawondo. Anawerenga mizere ya sikiripiti chilembo ndi chilembo, chala chili pa sikirini, ngati mwana wa sitandade wani. Anayang'ana wotchi ya seva, anazimitsa ndi kuyatsa. Kusukulu anamuphunzitsa kukayikira chingwe, kukayikira seva, kukayikira dontho lililonse, koma palibe mphunzitsi amene anamuuza kuti azikayikiranso ulemu. Masana bwana woyang'anira anadutsa pakhomo la kachipinda ka seva, anangogogoda wotchi yake ya pamkono ndi chala n'kupitirira.

Anafika kunyumba dzuwa lisanalowe, napeza bambo ake ali pakhonde atamasula fani yakale. Anali makaniko wopuma pa ntchito, ndipo chimwalirireni mkazi wawo chinthu chilichonse cha m'nyumbamo chokhala ndi sikuluwu chinali chitamasulidwapo kawiri.

“Nkhope imeneyo ndi ya injini yokana kulira,” anatero osadzutsa mutu.

“Bola ikanakana, bambo. Iyi imalira ine ndikakhalapo. Ndikangochoka yazima. Ndikabwera yalira.” Anakhala pa masitepe, navula nsapato. “Lachisanu andichotsa. Ndipo aliyense adzati ankadziwa kale, kuti anangondilemba chifukwa cha amayi.”

Bambo ake anapukuta manja pa kansalu kakuda ndi girisi. “Kunkabwera lole ina ku galaja, mwini wake akudandaula kuti imatha mabuleki mwezi uliwonse. Tikaiyesa ife, mabuleki abwinobwino. Dalaivala akatikweza kutsogolo, amayendetsa ngati wanyamula mazira. Tinasintha chilichonse. Tsiku lina ndinangokwera kumbuyo, pansi pa tenti, iye osadziwa.”

“Ndiye?”

“Munthu ankatsika phiri lonse phazi lili pa buleki, giya osaikhudza. Galimoto yomwe imachira ukangoiyandikira siikudwala, mwana wanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwera kumbuyo.”

Lachinayi anafika pa ntchito isanakwane seveni, nadzitsekera m'kachipinda ka seva. Sanatsegule kaundula wake wa sikiripiti. Anatsegula kaundula wamkulu wa seva yeniyeniyo, yemwe amalemba aliyense wogogoda pakhomo la netiweki. Masiku onsewa ankamupewa, chifukwa ndi wa mizere zikwizikwi ndipo amanena zambiri zopanda pake, komanso ankaona ngati funso loti ndani walowa yankho lake akulidziwa kale. Anasefa mizereyo kuti atsale olowa okha, nakhala akumva chipatala chikudzuka: chitseko cha kutsogolo, mabenchi akukokedwa, mwana akulira.

Itangodutsa hafu seveni mzere woyamba unatulukira. Kompyuta ya kolandirira odwala. Anawerenga dzina la wolowayo, n'kuliwerenganso.

Linali dzina la amayi ake.

Anachotsa manja pa kiyibodi. Mzere wachiwiri unabwera, kompyuta ya ku famase, dzina lomwelo. Wachitatu, ku labu. Kwa anamwino, m'chipinda cha jekeseni, kwa adokotala. Amayi ake, amene anawaika m'manda iye ataima pomwepo atagwira dzanja la bambo ake, ankalowa chipinda ndi chipinda ngati akuzungulira kupereka moni. Anawerenga mpaka khumi ndi kawiri. Anali munthu wophunzira, wosakhulupirira zamizukwa, koma kunena zoona tsitsi linamuimirira. Kwa kanthawi sanadziwe ngati akuopa kapena akusangalala. Anakweza kaundulayo m'mbuyo: dzulo chimodzimodzi, dzana chimodzimodzi, mwezi watha, chaka chatha.

Anamasula makiyi m'chiuno, nawaika patebulo pang'onopang'ono, natuluka.

Palibe amene anamumva. Anadutsa odwala pabenchi, nafika pa kawindo kolandirira mankhwala, nasuzumira. Bambo wa mankhwala anali atatembenukira ku shelefu akuwerenga mapiritsi. Pa sikirini yake, kuseri kwa timafoda tambirimbiri, panali chithunzi cha kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri, kovala yunifolomu yaikulu mopitirira, katanyamula wailesi yotsegula kumbuyo, kakuseka ndi pakamwa posowa dzino lakutsogolo.

Bamboyo atatembenuka anagwetsa botolo. Anathamangitsa dzanja ku mausi, kenako anaona kuti zatha, n'kungoliika dzanjalo pachifuwa.

“Asisi. Makiyi aja ali kuti?”

Wamakompyuta anachoka pa kawindopo. Anapita molunjika kwa a Metroni, ndipo nawonso anawapeza ali ndi chithunzi chomwecho cha iye ali mwana pa sikirini. Mayiwo sanayese n'komwe kubisa. Anatseka chitseko, namukokera mpando, ulendo uno osaupukuta.

“Khala, mwana wanga. Ndinawauza kuti tsiku lina udzayenda wopanda mabelu.”

“Amayi, mukulowa ndi dzina la munthu womwalira? Nonse?”

“Tonse.” A Metroni anapuma mozama. “Unali usanabwere. Wa makompyuta wakale uja anatipatsa mapasiwedi otha mwezi uliwonse. Mwezi ukatha, sintha, ikamo nambala, ikamo chilembo chachikulu. Munthu uli ndi odwala makumi atatu pabenchi, kompyuta ikukukana ngati siikukudziwa. Mayi ako okha ndi amene akaunti yawo inkatseguka nthawi zonse, ndiponso ndi momwe munali pulinta ndi mafomu athu onse. Ndiye ankazungulira m'mawa uliwonse kutilowetsa mmodzimmodzi, akutinyoza kuti ndife mbuli zovala zoyera. Miyendo itayamba kutupa anangotiuza pasiwedi kuti tizilowa tokha.”

“Nanga atamwalira?”

“Titabwera kumaliro ndinakhala pampando uno, zala zinalemba zokha. Inatseguka. Ndinalira pang'ono, kenako ndinaitana wodwala woyamba. Wobwera aliyense takhala tikumuphunzitsa zomwezo, ngakhale mdala wa ku labu uja.”

“Nanga timapepala ndinakupatsani tija?”

“Tinasunga bwino kwambiri. Tsiku loyamba tinayesa, mwana wanga, koma mmenemo munalibe pulinta, munalibe fomu ngakhale imodzi. Munali ngati nyumba yopanda mipando. Tikanakuuza, ukanafunsa kuti nanga mumalowa bwanji. Ndiye tinagwirizana kuti mwanayu wangoyamba kumene kuuma misozi, asazione. Ndinalamula ndine. Akamveka makiyi, tulukani.”

“Ndiye sabata yonseyi ine ndikukwawa pansi pa matebulo, inu mukudziwa?”

“Tikudziwa chiyani? Chobiriwira chakocho chikukhudzana bwanji ndi mayi ako? Kompyuta si imodzi yomweyo?”

Apa Wamakompyuta anafuna kupsa mtima, koma sanapeze pougwira. Anthu khumi ndi awiri anamubisira chinthu miyezi itatu chifukwa chomukonda, ndipo ndi chikondi chomwecho anatsala pang'ono kumuchotsetsa ntchito, osadziwa. Nayenso manyazi anamugwira, poti anagawa makiyi a nyumba zopanda mipando n'kumanyadira kuti palibe wodandaula. Anawafotokozera a Metroni pang'onopang'ono kuti sikiripiti imadzukira anthu a m'gulu la antchito okha, ndipo pulogalamu imakhala mu akaunti ya amene walowa. Amayi ake m'gululo munalibe, wa makompyuta wakale ayenera kuti anawachotsamo atamwalira n'kuiwala kutseka akauntiyo.

A Metroni anamvetsera, kenako nkhope yawo inawala. “Ndiye n'zosavutatu. Abwezere m'gulumo. Chobiriwira chibwera paliponse, bwana asaina kalata yako, ife tizipitiriza monga kale. Zingatenge nthawi yaitali?”

“Mphindi imodzi.”

Zinalidi choncho, ndipo mtima wake unafuna. Mphindi imodzi, ntchito n'kukhala yake, amayi ake n'kumazungulirabe m'zipinda m'mawa uliwonse. Bwana sakanadziwa, iye ankangofuna kuona chobiriwira. Anayang'ana kamtsikana kosowa dzino kaja kwa nthawi ndithu.

“Sizingatheke, amayi,” anatero. “Pulogalamuyi imalemba dzina pa chilichonse. Kuyambira mawa mapiritsi onse adzakhala kuti apereka ndi amayi anga. Magazi onse ayeza ndi iwo. Tsiku lina wina akadzalakwitsa mlingo, wodwala n'kuvulala, dzina lotuluka papepala lidzakhala lawo. Ndipo sangabwere kudzadziyankhira.”

A Metroni anayang'ana pa sikirini. Kenako anatenga kapepala n'kupukuta magalasi omwe sanali akuda. “Zaka makumi awiri ndi ziwiri sanalakwitsepo fomu,” anatero. “Chita zimene wabwerera.”

“Ndipatseni pasiwedi. Ndikufuna nditengemo mafomu.”

“Sukuidziwa? Lemba dzina lomwe ankakuitana lija, ndi chaka chomwe unabadwa.”

Anabwerera m'kachipinda ka seva, nalemba dzina la amayi ake, kenako Kasingano ndi manambala anayi. Koyamba analakwitsa. Kachiwiri inatseguka. Mafoda anali m'mizere yowongoka monga ankakonzera mbale m'kabati kunyumba, ndipo mayina ake anali a iwo eni: “fomu ya labu yeniyeni,” “fomu ya labu yakale musagwire,” “ya adokotala osamva.” Anaseka yekha mokweza, kuseka kuja kunathera m'misozi, ndipo anailola kuti itsike poti chitseko chinali chotseka.

Tsiku lonselo anagwira ntchito imene anayenera kuigwira mwezi woyamba. Anakopera mafomu onse ku foda yogawana osasintha dzina ngakhale limodzi. Anawonjezera mizere iwiri mu sikiripiti, wina wobweretsa pulinta, wina woika mafomuwo pa sikirini ya aliyense, nachotsa masekondi makumi atatu opanda pake aja. Chithunzi chija anachisunga pa foni yake. Kenako anazungulira zipinda zonse, wopanda makiyi, akumuimiritsa aliyense kumbuyo kwa mpando wake mpaka atakhala yekha ndi kulemba dzina lake ndi zala zake. Bambo wa mankhwala anayesa kunenanso za ufa wa mapiritsi, iye anangomupatsa kansalu. Mdala wa ku labu analakwitsa katatu, akung'ung'udza kuti dzina lake lomwe likumuvuta ngati la mlendo. Onse analonjeza kuti mawa adzakumbuka.

Lachisanu itangokwana seveni Wamakompyuta anatsegula akaunti ya amayi ake pa seva. Panali kabokosi kakang'ono kongofuna kuchonga kuti akauntiyo itsekedwe. Ankaganiza kuti chinthu chotere chiyenera kulemera, koma mausi inangoti tche, monga imachitira pa china chilichonse. Anatsegula kaundula wamkulu uja n'kudikira.

Chizolowezi sichimva malonjezo. Itadutsa hafu seveni dzina la amayi ake linatulukira pa kompyuta ya kolandirira odwala, pambali pake palembedwa kuti lakanidwa. Linatulukiranso ku famase, lakanidwa. Ku labu linagogoda kawiri. Kwa a Metroni enieniwo, amene dzulo lomwelo anamuuza kuti achite zimene wabwerera, linagogodanso. Wamakompyuta anakhala akuona amayi ake akuyenda chipinda ndi chipinda, khomo lililonse likuwakana, ndipo wotseka makomowo anali iye. Zinamupweteka kuposa tsiku la maliro, chifukwa tsiku la maliro palibe chimene anachita ndi dzanja lake.

Kenako kunali zii. Ali momwemo anamva dirowa ikutsegulidwa kuseri kwa khoma, kenako ina chapatali. Mu kaundula wake wa sikiripiti mzere unatulukira, dzina la bambo wa mankhwala, ku famase. Wina, wa kolandirira odwala. Wina. Pofika eyiti koloko inalipo khumi ndi umodzi.

Bwana woyang'anira anazungulira ndi kalendala yake cha m'ma teni, akusuzumira pa sikirini iliyonse, kalata ili m'manja, cholembera chili kukhutu. Anati asainira ku labu, komwe kunali kotsala, ndipo Wamakompyuta amudikire pa foni.

Foni inalira patapita mphindi zochepa. Anali mdala uja, akupuma ngati wakwera masitepe.

“A Makompyuta, chabwera! Kapepala kanagwera kuseri kwa firiji, ndakapeza. Ndalowa ndekha, ndi dzina langa, chobiriwira chili apa. Bwana akuti mubwere mudzatenge kalata yanu. Mukundimva, a Makompyuta?”

“Ndikumva, bambo. Ndikubwera.”

Anaika foni pansi, natola makiyi ake patebulo. Miyezi itatu anakhala akulilira dzina limenelo, ndipo linabwera kawiri m'mpweya umodzi. Anaima pakhomo la kachipindako, makiyi atawafumbata kuti asalire, akulakalaka wina m'kolidomo alakwitse, amuitane mwana wa Mlembi kamodzi kokha.